Tumizani Kansapato ka Basmala

Ras al-Khaimah
Lolemba, 12 Januwale

Okondedwa achemwali anga a Nagwa,

Mtendere wa Mulungu ukhale nanu. Mwadzuka bwanji ku Tahta kumeneko? Bondo lija lasiya kukuvutani, kapena mukukwerabe masitepe uku mukutukwana mmisiri amene anamanga nyumbayo? Nanga amayi, shuga wawo akuti bwanji? Ndikhulupirira kuti alamu a Shawky ndi ana onse ali bwino. Ine kuno ndilipo, thupi lili gwa, koma mtima ndiye ayi.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati munthu wakale pomwe timayankhulana pa foni Lachisanu lililonse. Mukudziwa nokha kuti foni ikangolira amayi amakhala atafika kale paphewa panu, ndipo khutu lija amati silimva limatola chilichonse. Nkhani iyi si yoti aimve. Ndaipatsira a Sabry oyendetsa basi aja, akubwera kumeneko ku tchuthi cha masabata awiri. Mukawerenga muibise pamene amayi safikira.

Za kuno n'zomwezija. Kukuzizira, anthu achuluka m'tauni, ndipo kometera kwathu mipando siizizira. Dzino lija ndinachotsa. Mnzanga wa m'chipinda akulizabe mkonono ngati chigayo, ndazolowera.

Nkhani ndi ya mng'ono wathu Wagdy. Ali moyo, sanavulale paliponse. Ndayamba ndi zimenezi kuti musagwetse kalatayi.

Inu kumudzi mumadziwa kuti Wagdy ndi makaniko pa galaja ya a Abu Saqer, bambo wina wolemera wa kuno. Zimenezo n'zoona. Chimene sanakuuzeni, ndipo inenso anandibisira, n'chakuti galimoto amakonzazo amaziyendetsanso. Si galimoto ngati za kwathu zonyamula anthu ndi anyezi ayi. Ndi zija zafupi ngati chule, za mipando iwiri, zolowamo chogona, zopangidwira liwiro basi. Nyengo yozizira ino eni ake amakumana Loweruka m'mawa patsinde pa phiri, masabata atatu alionse. Amazindandalika, amatsegula zivundikiro za mainjini, n'kumayamikirana ngati amayi akuonetsana zovala pa ukwati. Kenako amakwera phiri pa mzere, pang'onopang'ono, mwaulemu. Izo zilibe vuto. Koma alipo ena amatsalira dala, akadikira anzawo afike pamwamba msewu uyere, iwo n'kuyamba kupikisana.

Ine ndinamva Lachinayi, ndili pa ntchito. Ndinali ndikumeta ndevu kasitomala wina, thovu lili mbuu kumaso, lumo lili pakhosi, iye akucheza ndi mnzake wa pa mpando wina. Akuti Loweruka kuli zinthu, a Khalfan apikisana ndi galimoto yofiira ya a Abu Saqer. Mnzakeyo anafunsa kuti ayendetse ndani, popeza a Abu Saqer msana unawakana kalekale. Iye akuti, ndi Mwijipiti wamisala uja, Wagdy, amene sadziwa kuti buleki ili mbali iti. Achemwali, zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikumeta anthu m'dziko lino osatema munthu. Tsiku limenelo ndinamutema.

Lachisanu titatuluka mu mzikiti ndinamugwira mkono Wagdy n'kumufunsa. Sanakane n'komwe. Anangoseka, akuti wachita kale kanayi ndipo palibe chinachitika. Ndinamukumbutsa za mkazi wake, mlamu Tahany, ndi mwana wawo Basmala. Akuti ine ndisamuphunzitse za galimoto, munthu woopa ngakhale chikepe cha m'nyumba zosanja. Apo ananena zoona, chikepe ndimachiopadi, ndimakwera masitepe mpaka nsanja yachisanu ndi chimodzi. Anandisisita pamimba, akuti ndipite ndikadye, ndisiye za amuna. Nkhomaliro ya tsiku limenelo sinalowe.

Loweruka nditangomaliza pemphero la m'bandakucha ndinakwera takisi mpaka kuphiriko. Sindinkadziwa chimene ndikukachita. Ndinangoona kuti kukhala m'chipinda n'kumadikira foni kundipha msanga.

Ndinafika dzuwa likutuluka. Galimoto zinalipo mwina makumi asanu, zofiira, zachikasu, zobiriwira, zopukutidwa mpaka munthu kudziona mano. Wina akaliza injini, phokosolo sulimva m'makutu, umalimva m'matumbo. Ana ankajambula ndi mafoni, amuna akuseka, aliyense ali pa chisangalalo. Ine maso anga anali pa msewu. Umakwera phirilo mokhotakhota ngati chingwe chotayidwa, mbali ino thanthwe, mbali inayo phompho loti mwala ukagwa sumva pamene wafikira.

A Abu Saqer anali atakhala pa kapeti pambali pa galimoto zawo, pamodzi ndi amuna ena khumi ndi angapo. Amandidziwa, ndinawametapo kangapo wometa wawo atadwala. Atandiona anakweza dzanja, akuti wometa wabwera kudzaona zodabwitsa, akhale pansi amwe khofi. Wagdy anali chauko, atagwada pa tayala la galimoto yofiira ija, sanandione.

Apa ndiyenera kukufotokozerani, chifukwa kwathu khofi ndi khofi basi. Kuno kuli mwambo wa makolo awo a m'chipululu. Mlendo akapatsidwa kakapu ka khofi n'kukaika pansi osamwa, ndiye kuti wabwera ndi pempho. Mwini malo sangadekhe mpaka mlendoyo atamwa, ndipo mlendoyo samwa mpaka atalonjezedwa. Khofi akazizirira pansi pamaso pa anthu, manyazi ndi a mwini malo. Ine ndinazimva zimenezi kwa makasitomala okalamba, ndinkangoti ndi nkhani za pa mpando wometera. Sindinaganizepo kuti tsiku lina ndidzazichita ine, Ragab mwana wa ku Tahta, nditavala jekete yong'ambika m'khwapa.

Mphwawo wa a Abu Saqer anandithirira. Ndinalandira kakapu ndi dzanja lamanja. Ndinakayang'ana, ndinayang'ananso Wagdy, kenako ndinakaika pa kapeti.

Achemwali, kunangoti zii. Amene ankatafuna zipatso za kanjedza anasiya kutafuna. Wothira khofi uja anaima ndi ketulo m'mwamba. Ndinamva thukuta likutsika pamsana m'kuzizira konse kuja, ndipo mumtima ndinkati lero andikweza ndege, wometa wamwano wobera anthu mwambo wawo. A Abu Saqer anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Imwa khofi wako, Ragab. Chimene wadzera, ngati chili m'manja mwanga, wachipeza."

Ndinati mng'ono wanga asayendetse galimoto yawo lero. Mawu anatuluka opyapyala ngati a mwana wa sukulu, koma anatuluka.

Sanandifunse chifukwa. Anaitana Wagdy, anamuuza atulutse makiyi, anawatenga n'kuwaika m'dzanja langa. Akuti m'mawa uno galimoto ndi yanga, ndichite nayo zimene ndikufuna, kaya kumeteramo anthu. Ena anaseka. Ndinamwa khofi uja atazizira, wowawa ngati mankhwala a malungo. Mmene Wagdy anandiyang'anira sindidzaiwala. Ine ndinkati zatha, ndapambana. Kupusa kwanga!

A Khalfan, amene ankayenera kupikisana nayeyo, anali pomwepo pa kapeti. Ndi bambo wa zaka ngati zanga, wa ndevu zodulidwa bwino, pakamwa pakuthwa kuposa lumo langa. Anayamba kufunsa a Abu Saqer mokweza kuti kodi dalaivala wawo amayenda ndi mlezi masiku ano, nanga botolo la mkaka aliiwala kuti. Anthu anafa nako kuseka. Kenako anapisa m'thumba, anatulutsa makiyi ena n'kumuponyera Wagdy. Akuti ali ndi galimoto yachiwiri, yachikasu, yangotsika m'sitima sabata yomweyi, ngati Wagdy ndi mwamuna akwere imeneyo, popeza iwo palibe amene wawaikira kapu pansi.

Wagdy anawakha makiyiwo m'mwamba, n'kuyamba kupita.

Ndinatembenukira kwa a Abu Saqer kuti amuletse. Anapukusa mutu. Anandiuza motsitsa mawu kuti kapu yanga inamanga iwo okha, eni khofi, ndipo a Khalfan ndi mlendo ngati ine ndemwe. Anawonjeza kuti yofiira ija Wagdy amaidziwa nati iliyonse, mabuleki anamanga yekha ndi manja ake, koma yachikasuyo sanaigwirepo n'kamodzi komwe. Akuti ndamutsitsa pa ngamila imene amaidziwa ndamukweza pa yachilendo.

Mayo ine! Pamenepo m'pamene ndinadziwa mantha enieni. Ndinabwera kudzapulumutsa mwana wa amayi, ndipo ndi dzanja langa lomwe ndinali nditamukankhira kufupi ndi phompho.

Ndinathamanga, ine amene sindinathamangepo chichokereni ku sukulu. Ndinamupeza atatsegula kale chitseko cha yachikasu ija. Ndinamuika makiyi a yofiira m'dzanja, ndinati ngati wafunitsitsa kukwera phirili akwere pa imene amaidziwa, koma pa mpando winawo ndikhalapo ine. Anati ndisachite masewera, ndisanza m'galimoto ya eni. Ndinamuuza kuti galimoto ndi yanga m'mawa uno, anamva yekha, ndipo kwa amayi kukafika anthu awiri kapena mabokosi awiri, koma ine sindikwera ndege nditakhala pamwamba iye ali kunsi ndi katundu. Anatukwana mawu amene sindingalembe kwa inu. Koma makiyi a a Khalfan anawabweza.

Kulowa m'galimotomo kunali ntchito. Amuna awiri anandipinda ngati matiresi, anandimanga malamba paphewa ndi pamimba, anandiveka chipewa cholimba chonunkha thukuta la munthu wina. Kunja anthu anali atatizungulira ndi mafoni, wina akukuwa kuti wometa atsanzike, wina akuti ndisiye dzina la amene adzalandire malumo anga. A Khalfan anaimika yawo yakuda pambali pathu. Anzathu aulemu aja anali atakwera kale. Munthu wina anaima kutsogolo, anakweza mpango wa kumutu, n'kuutsitsa.

Sindidziwa ndikuuzeni bwanji. Mutu unamenya kumbuyo, mimba inatsalira patsinde pa phiri. Thanthwe limabwera molunjika kumaso kwanga, ndikati tafa, Wagdy n'kupotoza chiwongolero, matayala kwiii, thanthwe lapita, kwabwera phompho. Mbali ya phomphoyo inali yanga. Pawindo ndinkaona mpanda wachitsulo waufupi ngati wotchingira nkhuku, kuseri kwake mpweya wokhawokha, ndipo pansi penipeni timbuzi tating'ono ngati nyerere. Ndinayamba kupemphera, koma mapemphero amene ndinaloweza ndili ndi zaka zisanu anandithawa onse. Ndinkangoti Mulungu, Mulungu, Mulungu.

Ndipo Wagdy ankachita dala, ndikudziwa. Ankafuna ndilape. Ndinamuyang'ana kamodzi, nkhope yake inali phee, ngati munthu akusenda lalanje. Chimenecho chinandiopsa kuposa phompho. Si nkhope ya mwana uja tinkamutuma buledi ayi.

Titadutsa makona asanu kapena asanu ndi limodzi, tinaipeza yakuda ija. Kutsogolo kunali kona ina yobisika kuseri kwa thanthwe, yosaoneka chimene chikubwera. Ndinaona Wagdy akutulutsa galimoto kumbali, mbali ya phompho, kuti apitirire a Khalfan tisanafike pakonapo. Tayala la mbali yanga linayamba kuponda timiyala ta m'mphepete, ndinkatimva tikumenya pansi pa mpando. Ndinangomva kutentha m'miyendo.

Achemwali, izi ndikuuza inu nokha, ndipo mukadzauza alamu a Shawky sindidzakukhululukirani. Ine bambo wa zaka makumi anayi ndi chimodzi ndinadzikodzera.

Wagdy anacheuka. Anayang'ana buluku langa, anayang'ana nkhope yanga, ndipo phazi lake linachoka pamoto. Yakuda ija inalowa pakona n'kusowa. Kuchokera pamenepo mpaka pamwamba tinayenda ngati ngolo yonyamula mazira.

Pamwamba tinapeza a Khalfan atatsamira galimoto yawo, tiyi ali m'manja, akufunsa ngati tinaima panjira kumeta mbuzi. Tisanatsike, Wagdy anavula jekete yake n'kundiponyera pamiyendo, anati ndimange m'chiuno. Kenako anatuluka akuseka, n'kuuza anthu kuti palibe injini padziko ingakwere phiri itanyamula thumba la anyezi ngati mkulu wakeyu. Anamuseka kwambiri, ena mpaka kumuwomba pamsana momunyoza. Iye anaima pakati pa ine ndi mafoni awo mpaka nditakafika kuseri kwa galimoto. Palibe anaona.

Potsika anayendetsa pang'onopang'ono. Ndinayesa kupepesa kuti ndamuchititsa manyazi. Anati ndamuonongera phazi, sanabwererepo m'mbuyo pakona imene ija. Ndinamufunsa ngati iye saopa. Yankho lake ndi limene landilembetsa kalatayi. Anati, "Ndikakhala ndekha sindiopa chilichonse, achimwene, chifukwa m'galimoto mumakhala mulibe munthu."

Ndinati nanga iweyo si munthu? Anangoyang'ana msewu. Ndinati nanga Basmala? Anati Basmala ndi mwana wa pa foni. Anachoka kumudzi mlamu Tahany ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, pano mwana wayamba kuyenda, iye sanamunyamulepo, sadziwa kulemera kwake, sadziwa fungo la mutu wake. Akuti akamuimbira, mwanayo amanyambita galasi la foni n'kuthawa. Ananena akuseka, koma ine ndameta anthu ambiri, ndimadziwa kuseka kwa munthu amene zamuwawa.

Chichokereni tsiku limenelo foni yanga sakuyankha. Dzulo a Abu Saqer anabwera kometera kwathu, anakhala pa mpando wanga ngakhale ndevu zawo zinali zisanamere. Anandiuza kuti kwa iwo nkhani inatha, khofi anamwedwa, Wagdy sadzapikisananso pa galimoto yawo. Koma akuti a Khalfan amuitana kuti azikagwira ntchito kwa iwo, amusirira mmene anawapezera pa makona aja atanyamula thumba la anyezi. Akumananso pa 31 mwezi uno, ndipo yachikasu ija ikumudikira. Ndinatsala pang'ono kuwatema, a Abu Saqer n'kundilanda lumo, akuti aona kale imfa pafupi kokwanira.

Kapu siikidwa pansi kawiri, ndipo pa kapeti ya a Khalfan palibe adzandithirira khofi. Pa mpando uja sadzandilolanso kukhalapo. Kunena zoona, ngakhale atandilola, sindikudziwa ngati miyendo yanga ingavomere. Usiku ndikatseka maso ndimamva timiyala tija.

Tsono pempho langa ndi ili. Mupite kwa mlamu Tahany mukatenge kansapato kamodzi ka Basmala. Mukukumbukira madalaivala a malole a kwathu mmene amapachikira kansapato ka mwana kuti diso loipa lisawagwere? Bambo athu ankawaseka, inenso ndinkawaseka. Ine za diso loipa sindikuzidziwa. Chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti Wagdy amachotsa phazi pamoto akaona kuti pambali pake pali wake. Ndikufuna ndikakamange pa galasi la kutsogolo la galimoto yachikasuyo, pamene maso ake amapita asanalowe pakona. Akakachotsa, adzayenera kukagwira ndi dzanja lake, ndipo ndikufuna ndione ngati angathe kukataya.

Chonde musagule katsopano ku msika, ndikukudziwani inu ndi ukhondo wanu. Ndikufuna kamene wakhala akuvala, kopindika kuchidendene, ndipo musakachape. Dothi la pakhomo pathu likhale pomwepo. Mlamu akafunsa, muwauze kuti atate ake aakulu a mwanayo akufuna kudziwa kukula kwa phazi kuti amugulire nsapato za chikondwerero cha Idi. Si bodza lonse, ndidzagula ndithu. Musawaopseze, akuyamwitsa. A Sabry anyamuka kumeneko pa 28, kuno afika pa 29 Lachinayi, kutatsala masiku awiri. Mukawapatsire m'manja, musatume mwana, ndipo muwauze akaike m'thumba la malaya, osati mu sutikesi yotha kusochera pa bwalo la ndege.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwapsompsone dzanja m'malo mwanga, muwauze kuti ana awo onse awiri akudya bwino. Moni kwa alamu a Shawky, kwa azakhali a Fawzia, kwa amalume ndi banja lawo, kwa adzukulu onse a amayi, ndi kwa mlamu Tahany. Basmala mumunyamule, mumununkhize pamutu, kenako mundiuze pa foni mmene amanunkhira kuti ndikamuuze bambo wake. Lachisanu tikamayankhulana musafunse chilichonse, mungonena kuti nsapato zapezeka, ine ndimva.

Kansapato kotsalako musunge inuyo, mukaike pamwamba pa kabati. Ndidzamuuza Wagdy kuti mwana akuyenda ndi phazi limodzi losavala, ndipo kanzake palibe wina angakabweretse kunyumba koma iye mwini.

Mutipempherere, achemwali. Ine ndili ndi mantha.

Ndine mlongo wanu,
Ragab